Kugula pikiapu yaikulu ya dizilo ku America kirediti ili yoonda: mafunso ndi mayankho

Pa chinkhoswe kapena pa kanyenya wa Amalawi kuno ku America, kaya ndi ku South Bend kaya ku Dallas, sipalephera kupezeka bambo amene wayamba kulota pikiapu yaikulu ya dizilo. Wina akufuna azinyamula katundu pa thirela, ntchito imene kuno amati hotshot. Wina ali ndi kabizinezi kotchetcha kapinga, ndipo chisanu chikafika akufuna azikankha sinowo m'mabwalo a masitolo. Wina wangoona ya mnzake n'kuikhumbira. Chowalepheretsa chimakhala chimodzi: afika posachedwa, kapena anapunthwapo pa ngongole, ndiye kirediti yawo, kutanthauza mbiri yawo ya kabwezedwe ka ngongole, ndi yoonda. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimafunsidwa mobwerezabwereza. Ziwerengero za ngongole zimene ndaika ndi zitsanzo zoti muonerepo kawerengedwe kake, chifukwa mitengo ndi chiwongoladzanja sizikhala malo amodzi.

Mukati pikiapu yaikulu mukunena ziti? Hilux si yaikulu?

Kumudzi Hilux kapena D-Max ikaima pa msika anthu amapatuka. Kuno imeneyo ndi kamwana, ndipo ngakhale F-150 imene yadzaza m'misewuyi sili m'gulu tikunenali. Zazikuluzo zili m'mabanja atatu. Pali Ford F-250 ndi F-350, zimene amazitcha Super Duty, za injini ya Power Stroke. Pali Ram 2500 ndi 3500 za injini ya Cummins, ya masilinda 6 ondandalika mumzere umodzi. Kenako Chevrolet Silverado ndi GMC Sierra za 2500HD ndi 3500HD, mapasa ovala malaya osiyana, zonse za injini ya Duramax. Zina mwa za 350 ndi 3500 zili ndi matayala anayi kumbuyo, ndipo zimenezo amati dually.

Mukatsegula chitseko cha dalaivala mupeza kapepala komata pa felemu, pamene palembedwa GVWR. Kumeneko ndi kulemera konse kumene galimotoyo ikuloledwa kufika itasenza anthu ndi katundu. Pikiapu zonse tatchulazi zimapitirira mapaundi 8,500, n'chifukwa chake boma silikakamiza kuti pa galasi pamatidwe chizindikiro cha kamwedwe ka mafuta ngati mmene zilili ndi magalimoto ang'onoang'ono. Wogulitsa akakuuzani kuti imayenda mamailosi akutiakuti pa galoni, amenewo ndi mawu ake chabe.

Kodi ndikufunikiradi ya dizilo?

Ambiri amene amandifunsa sakuifunikira, ndipo ndimawauza pamaso. Dizilo ndi ya munthu amene akoke katundu wolemera, mtunda wautali, pafupifupi sabata iliyonse. Pamenepo imabweza ndalama zake, chifukwa ikamakoka imamwa pang'ono kuposa ya petulo ndipo pa chitunda siilira. Koma mukaigula yatsopano, injini ya dizilo yokha imawonjezera madola pafupifupi 10,000 pa mtengo. Posintha oyilo imamwa malita 9 mpaka 14. Mabatire ndi awiri. Mafyuluta a mafuta amafuna kusinthidwa pa nthawi yake. Pali kathanki kena ka madzi otchedwa DEF, osakaniza ndi urea, ndipo kakauma kompyuta ya galimoto imayamba kukuchepetserani liwiro mpaka muziyenda ngati ngolo ya ng'ombe. Walira mvula walira matope.

Chinanso, m'paipi ya utsi muli sefa yotchedwa DPF imene imagwira mwaye. Kuti idziyeretse imafuna injini itenthe bwino pa msewu wautali. Amene ulendo wake ndi wa kunyumba kukafika ku ntchito, mphindi 10 m'tauni, akuitseka sefayo pang'onopang'ono, ndipo kuisintha ndi masauzande a madola. Munthu wotero aganizire pikiapu yomweyo ya petulo: Ford ili ndi injini ya malita 7.3 ndi ya 6.8 (imene inalowa m'malo mwa ya 6.2 mu 2023), Ram ili ndi 6.4 Hemi, Chevrolet ndi GMC zili ndi ya 6.6. Kathirela ka makina otchetchera kapinga zimakoka osamva n'komwe, ndipo poti injini ya petulo ndi yopepukirapo, pa F-250 kapena 2500 mumatha kusenza katundu wochulukirapo kumbuyo.

Kirediti yochepa n'chiyani kwenikweni? Kumudzi sindinaphonyepo ngongole.

Mbiri yanu yabwino ya ku SACCO kapena ku banki mkhonde siiwoloka nyanja. Kuno mabungwe atatu, Experian, Equifax ndi TransUnion, ndi amene amasunga mbiri ya mmene mumabwezera ngongole, ndipo kuchokera pa mbiriyo pamatuluka nambala ya pakati pa 300 ndi 850 imene amati credit score. Mmene Experian amagawira anthu ogula magalimoto, wa 661 kupita m'mwamba ali pabwino, wa 601 mpaka 660 ali pakatikati, wa 600 kutsika ndiye amamuyang'ana ndi diso la nkhwezule.

Kuonda kwa kirediti kuli mitundu iwiri. Pali amene alibe mbiri chifukwa angofika kumene, ndipo pali amene mbiri ali nayo koma ili ndi zipsera: kuchedwa kulipira, ngongole ya kuchipatala imene inapita kwa otolera, galimoto imene inalandidwa. Wa mtundu woyambayo vuto lake limatha msanga. FICO, kampani imene imawerengera nambala ija, imafuna kuti mukhale ndi akaunti ya ngongole imene yakhalapo miyezi 6 kuti ikupatseni nambala. Mutha kuyamba ndi khadi ya secured, imene mumasiya ndalama zanu ku banki ngati chikole, n'kumaguliramo mafuta basi ndi kulipira yonse mwezi uliwonse. Wa zipsera amafuna nthawi yotalikirapo, koma zipsera zikamakalamba zimachepa mphamvu.

Musanapite kulikonse, tengani malipoti anu atatu pa AnnualCreditReport.com, ndi aulere. Awerengeni modekha. Mayina athu amalembedwa molakwika kawirikawiri, dzina la bambo kukhala loyamba, kapena kachizindikiro ka mu Ng' kugwa, ndipo ngongole ya munthu wina itha kukakamira pa inu. Muli ndi ufulu wotsutsa cholakwika chilichonse.

Nanga kusiyana kwa chiwongoladzanja n'kwakukulu choncho?

Tiyeni tiwerenge. Mwabwereka madola 40,000 kuti mubweze pa miyezi 72. Mnzanu wa kirediti yabwino amene wapatsidwa 8 peresenti azilipira pafupifupi 701 pa mwezi, ndipo pomaliza chiwongoladzanja chonse chikhala 10,500. Inu mwapatsidwa 18 peresenti: 912 pa mwezi, chiwongoladzanja chonse pafupifupi 25,700. Pikiapu ndi imodzimodziyo, koma inu mwaonjezera madola 15,000, ndalama zoti kumudzi zikanaimika nyumba mpaka pa denga.

Ndiye wogulitsa akaona mwakwinya nkhope amati, tiyeni tiitalikitse ifike miyezi 84. Pa mwezi itsikadi kufika 841, kusiyana kwa madola 71 okha, koma chiwongoladzanja chonse chikwera kufika 30,600. Mudzakhala mukulipirabe pikiapu itakalamba, ndipo kwa zaka zingapo ngongole idzakhala yaikulu kuposa mtengo umene mungaigulitse.

Tsono taonani izi. Mukabwereka 25,000 yokha, pa 18 peresenti yomweyo, miyezi 48, muzilipira 734 pa mwezi ndipo chiwongoladzanja chonse ndi 10,250. Wa kirediti yoonda alibe mphamvu zambiri pa peresenti, koma pa kukula kwa ngongole ndi kutalika kwake mphamvu ali nazo zonse.

Ndiyambire kuti, kwa dila wogulitsa magalimoto kapena ku banki?

Yambani ndi ngongole, pikiapu ibwere pambuyo. Amene amayamba ndi kukwera pikiapu, kununkhiza mipando, kujambula chithunzi n'kutumiza pa WhatsApp ya banja, akafika mu ofesi ya ngongole amakhala atagonja kale.

Pitani ku credit union ya m'dera lanu. Imayenda ngati SACCO, eni ake ndi mamembala, ndipo zambiri zimamvetsera nkhani ya munthu osati nambala yokha. Imene ili pansi pa boma la federal siloledwa kupitirira 18 peresenti pa ngongole zambiri. Zina zimalandira ITIN, nambala yolipirira msonkho, kwa amene alibe nambala ya Social Security. Pemphani kalata ya preapproval, yonena kuti angakubwerekeni zingati ndi pa peresenti yanji. Funsaninso malo ena awiri kapena atatu, koma zonse zichitike m'masiku 14, chifukwa mukatero kufufuza konseko kumawerengedwa ngati kumodzi ndipo nambala yanu siigwa kwambiri. Ndi kalatayo m'thumba, dila akafuna kuti mubwereke kudzera mwa iye, aitsitse. Dziwani kuti dila amaloledwa kuika kake pamwamba pa peresenti imene banki yamupatsa, ndipo sadzakuuzani.

Adzafuna mapepala a malipiro, masitetimenti a ku banki ndi umboni wa kumene mumakhala. Wodzilemba ntchito yekha nthawi zambiri amafunsidwa mapepala a msonkho a zaka ziwiri. Apa m'pamene ena a ife timagwidwira: maganyu olandira m'manja amene sanalowe ku banki kapena pa msonkho, kwa obwereketsa ndi ndalama zoti kulibe. Dipoziti ikhalepo, 10 mpaka 20 peresenti ya mtengo. Ngati muli pa chipereganyu, dikirani ulendo wanu ufike. Koma musathire zonse mu dipoziti. Pikiapu ya dizilo yogwiritsidwa kale ntchito imafuna musunge madola masauzande angapo pambali, a tsiku limene idzakane kulira.

Ndipo nenani zoona za ntchito ya pikiapuyo. Ngongole zina za magalimoto a pakhomo zimaletsa kunyamulira katundu wa malipiro.

Yatsopano kapena yakale?

Yatsopano ya dizilo masiku ano imayambira cha m'ma madola 60,000, ndipo ya mipando yachikopa imathamangira ku 90,000 ndi kupitirira. Ubwino wake ndi waranti, imene pa injini za dizilo kawirikawiri imakhala zaka 5 kapena mamailosi 100,000, komanso peresenti ya galimoto yatsopano imakhala yotsikirapo. Koma zija mumaona pa TV za 0 peresenti si zanu, ndi za anthu a kirediti yonenepa.

Yakale kwambiri nayo ili ndi msampha wake. Mabanki ambiri sabwereketsa pa galimoto yopitirira zaka 10 kapena imene yayenda mtunda wautali kwambiri, choncho ya madola 12,000 ija muigula ndi ndalama za m'thumba kapena mugwa m'manja mwa akatapila. Kuona kwanga, wa kirediti yoonda ayang'ane ya zaka 4 mpaka 7, ya mtundu wamba wa ntchito: XL kwa Ford, Tradesman kwa Ram, WT kwa Chevrolet. Injini yake ndi yomweyo ili mu mitundu yodula ngati King Ranch, Laramie kapena Denali. Chikopa cha pa mpando sichikoka thirela.

Pali zaka zoti ndizipewe?

Zilipo, ndipo makaniko aliyense wa dizilo akuuzani zomwezi. Kwa Ford, injini ya 6.0 ya 2003 mpaka 2007 inatchuka ndi kuphulika magasiketi ndi kutsekeka kwa zoziziritsira oyilo ndi EGR, chida chimene chimabwezera utsi wina mu injini. Ya 6.4 ya 2008 mpaka 2010 nayo ndi yodula kukonza, ntchito zambiri zimafuna kunyamula kabu yonse. Mukaziona zotchipa, chifukwa chake n'chimenecho. Ya dizilo ya 7.3 imene inalekeka mu 2003 anthu amaikonda ngati gogo wawo, koma zaka zapita, dzimbiri lalowa, ndipo banki singaiyang'ane. Ya 6.7 inayamba mu 2011 ndipo ndi imene mudzapeze kwambiri.

Dzina loti muligwire ndi CP4. Ndi pampu ya mafuta ya Bosch imene ili mu Ford za 6.7, mu Duramax za 2011 mpaka 2016, ndi mu Ram za 2019 ndi 2020. Ikafa imadzipera yokha n'kumwaza tizitsulo m'njira yonse ya mafuta, moti mainjekita, mapaipi ndi pampu zonse zimasinthidwa, thanki n'kutsukidwa. Bilu yake imatha kufika madola 10,000. Ram inaitanitsa zake mu 2021 kuti isinthe pampuyo, ndiye mukamagula ya zaka zimenezo onetsetsani kuti ntchitoyo inachitika. Duramax kuyambira 2017 inasiya pampu imeneyi. Sindikuti Ford ya 6.7 musagule, zambirimbiri zikuyenda bwino, koma musinthe mafyuluta pa nthawi yake, muzimwetsa pa malo amene dizilo amayenda msanga, ndipo thanki isamafike pouma.

Ford ndi Ram za 4x4 zili ndi ekiselo yolimba kutsogolo, ndipo zitsulo za chiwongolero zikatha, mukagunda bampu pa liwiro kutsogolo konse kumayamba kunjenjemera moopsa. Eni ake amati death wobble. Poiyesa, idutsitseni pa msewu wa mabampu.

Ndikapita kukaiona ndiyang'ane chiyani?

Uzani wogulitsa kuti mukufuna muipeze injini ili yozizira, ndipo mukafika gwirani boneti. Tsiku lina ndinaperekeza m'bale wina kukaona pikiapu yoyera mbee pa kamalo kena kogulitsira magalimoto. Tinafika masana, injini ikulira kale, ati atiwothetsera m'kati. Inkamveka bwino. Mawa lake tinalawira m'mamawa osawauza, tinapempha kiyi. Inazungulira nthawi yaitali isanagwire, kenako kumbuyo kunatuluka utsi woyera wonunkhira motsekemera umene sunathe ngakhale patapita mphindi zingapo. Madzi a injini ankalowa kumene sayenera kulowa. M'baleyo anali atauza kale akazi awo kuti madzulo abwera nayo. Chikomekome cha mkuyu.

Injini ikulira, masulani chitsekero cha pothirira oyilo n'kuchikhazika chozondotsa pa bowolo. Chikangonjenjemera pamenepo, zili bwino. Chikakankhidwa ndi mpweya n'kugwa, injini yatha m'kati. Suzumirani m'kabotolo ka madzi a injini muone ngati muli oyilo kapena mwaye. Pa dashibodi fufuzani maola amene injini yagwira ntchito, makamaka maola amene yalira itangoima. Amakaniko amawerengera ola limodzi lotero ngati mamailosi 25 mpaka 30, choncho pikiapu yochokera ku zitsime za mafuta ku Texas itha kuonetsa mtunda wochepa pamene injini ndi nkhalamba. Kumbuyo, mabowo kapena mpira wachitsulo pakati pa bodi ndi chizindikiro choti inkakoka thirela yaikulu. Gwadani muone shasi ndi mapaipi a mabuleki. Za ku Indiana, Michigan ndi Ohio zimadyedwa ndi mchere wothira m'misewu nthawi ya chisanu.

Zimenezi ndi zongosefera. Imene yapambana muipititse kwa makaniko wa dizilo amene mwamusankha nokha, mumulipire madola 200 kapena kuposerapo pang'ono, aiike pa kompyuta. Iye adzaona ngati wina wangofufuta kumene zolakwika kuti nyale ya pa dashibodi izime. Wogulitsa akakana, tsanzikani.

Nambala ya VIN, ya zilembo ndi manambala 17, iikeni pa tsamba la NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pa msewu, muone ngati pali zimene kampani inaitanitsa koma sizinakonzedwe, kenako mugule lipoti la mbiri ya galimotoyo ku Carfax kapena AutoCheck. Title, chikalata chija kumudzi timati blue book, ikalembedwa salvage kapena rebuilt, kutanthauza kuti galimotoyo inaonongekapo kwambiri, mabanki ambiri sabwereketsa. Mukamagula kwa munthu wa pa Facebook Marketplace, dzina la pa title lifanane ndi la pa laisensi yake, ndipo ngati akadali ndi ngongole, mukalipirire limodzi ku banki yakeyo.

Wogulitsa akuti ndi deleted, ndiye ilibenso mavuto a DEF. Si zabwino zimenezo?

Akutanthauza kuti anachotsa DPF, EGR ndi zonse zoyeretsa utsi, n'kusintha pulogalamu ya kompyuta. Lamulo la Clean Air Act limaletsa zimenezi. M'madera amene amayeza utsi simudzapatsidwa mapepala, waranti ya injini imafa, madila ambiri sadzailandira mukafuna kusinthitsa, ndipo kubwezeretsa zida zonsezo ndi masauzande a madola. Komanso amene amachotsa zimenezi kawirikawiri amakwezanso mphamvu ya injini, ndiye giyabokosi inavutika kale. Munthu amene ali ndi ngongole ya zaka 5 pamutu asayandikire.

Mu ofesi ya ngongole kwa dila ndichenjere ndi chiyani?

Funso loyamba limene adzakufunseni ndi lakuti mukufuna muzilipira zingati pa mwezi. Musayankhe. Mukatchula nambala, adzakoka miyezi mpaka ikwane, zina zonse n'kubisala m'katimo. Inu funsani mtengo wonse wotulukira nayo pa geti, msonkho ndi tizolipira tonse tili momwemo, ulembedwe pa pepala.

Kenako adzabwera ndi zoonjezera: waranti yapadera, inshulansi ya matayala, mankhwala oteteza penti. Zonsezi mutha kukana, ndipo mukavomera zimalowa mu ngongole n'kumaberekanso chiwongoladzanja. Waranti yapadera pa dizilo itha kuthandiza, koma werengani ngati ikukhudza mainjekita, turbo ndi zida za utsi, komanso ngati siifa mukamagwiritsa ntchito pikiapuyo pa bizinezi. Chimene ndimati muganizire ndi GAP ngati dipoziti yanu ndi yochepa. Pikiapu ikaphwanyika pa ngozi, inshulansi imalipira mtengo wake wa tsiku limenelo, ndipo GAP imatseka mpata wotsala pa ngongole. Ifunseni kaye ku credit union kapena kwa a inshulansi anu, kumakhala kotchipa.

Lamulo la Truth in Lending limakakamiza kuti musanasaine akuonetseni APR (peresenti ya ngongoleyo pa chaka), chiwongoladzanja chonse m'madola, ndalama zimene mwabwereka, ndi zonse zimene mudzakhale mutalipira pomaliza. Werengani manambala anayi amenewa ngakhale akuuzeni kuti akutseka. Funsaninso ngati pali chilango mukabweza msanga.

Pali kachenjerero kena. Amakulolani kupita nayo kunyumba ngongole isanavomerezedwe kwenikweni, ndiye pakatha sabata foni imalira: banki yakana, bwerani musaine pa peresenti ina. Apo n'kuti abale onse ataiona kale. Musaichotse pa malopo mpaka atakutsimikizirani polemba kuti ngongole yatheka. Ndipo zija amanena ena kuti muli ndi masiku atatu oti muibweze, pa galimoto yogula kwa dila lamulo la federal lotero kulibe. Mukasaina yakale yolembedwa as is, chilichonse chimene chingafe mukangotuluka pa geti ndi chanu.

Achimwene anga ali ndi kirediti yabwino. Angandisainire?

Angathe, ndipo peresenti itsikadi. Koma awuzeni zoona zake: sakukuchitirani umboni, akutenga ngongoleyo limodzi nanu. Mukachedwa masiku 30 chipsera chimalembedwa kwa nonse awiri. Mukalephera, banki ipita kwa iwo kukafuna ndalama zonse. Akadzafuna kugula nyumba, ngongole ya pikiapu yanu idzawerengedwa ngati yawo. Ndaonapo anthu a mimba imodzi akulambalalana ku tchalitchi chifukwa cha nkhani yotere. Ngati mwagwirizana, apatseni njira yoonera akauntiyo pa intaneti, ndipo mupangane kuti pakatha chaka mudzasamutsa ngongoleyo ikhale m'dzina lanu lokha.

Chimene musachite n'chakuti iwo abwereke ngati pikiapu ndi yawo pamene ndi yanu, inu osaoneka pa mapepala. Kumeneko ndi kunamiza banki, ndipo ndi mlandu.

Nanga malo aja olemba kuti buy here pay here, osayang'ana kirediti?

Ndi katapila wovala tayi. Mtengo wa galimoto amaukweza, peresenti imakhala pamwamba, kulipira ndi kwa sabata iliyonse kapena masabata awiri, ndipo ambiri amaika kachipangizo kolondola galimoto kapena koiletsa kulira mukachedwa. Choipitsitsa, ena satumiza n'komwe mbiri ya malipiro anu ku mabungwe atatu aja, ndiye mulipira zaka zitatu mokhulupirika kirediti osanenepa. Kuli bwino kudikira miyezi 6 kapena 12 mukumanga mbiri, uku mukubwereka pikiapu pa tsiku limene ntchito yapezeka.

Ndikufuna kuyamba hotshot. Pikiapu ikadzilipira yokha, si choncho?

Musanasaine za pikiapu, imbirani a inshulansi. Ambiri amachita mozondoka, n'kudzapeza kuti inshulansi ya bizinezi ya munthu woyamba kumene ikuposa malipiro a pikiapuyo pa mwezi. Inshulansi wamba ya galimoto siilipira ngozi ikachitika mutanyamula katundu wa malipiro.

Malamulo ake ndi awa mwachidule. Mukamadutsa malire a zigawo pa bizinezi, pikiapu ndi thirela pamodzi zikafika mapaundi 10,001, mufunika nambala ya USDOT, yochokera ku unduna wa zamtengatenga wa kuno, ndi chikalata cha dokotala, ndipo maola oyendetsa amawerengedwa. Wonyamula katundu wa anthu ena afunikanso chilolezo chimene amati MC, chochokera ku FMCSA, bungwe la boma loyang'anira onyamula katundu pa msewu, ndi inshulansi yosachepera madola 750,000, ngakhale mabroka ambiri, anthu okupezerani katundu woti munyamule, amafuna ya 1 miliyoni. Pikiapu ndi thirela pamodzi zikafika mapaundi 26,001, thirelayo ili yopitirira 10,000, mufunika laisensi yoyendetsera magalimoto akuluakulu a bizinezi, CDL ya Class A. Apolisi a pa sikelo amawerenga manambala a pa timapepala ta GVWR, choncho ngakhale thirela ili yopanda kanthu mutha kugwidwa. F-350 dually ndi thirela yaikulu zimadumpha malire amenewa mosavuta.

Onjezani mtengo wa thirela, maunyolo, malamba, matayala, ndi masabata amene broka amatenga asanakulipireni. Mitengo ya katundu imakwera ndi kutsika, koma banki imafuna zake pa tsiku lomwelo. Ndi bwino kuyamba mwayendetsera munthu wina miyezi ingapo, muone mabuku ake. Za kuchotsera msonkho pa galimoto ya bizinezi pansi pa gawo la lamulo la misonkho lotchedwa Section 179 zilipodi, koma zimafuna kuti yoposa theka la ntchito yake ikhale ya bizinezi, ndipo zimathandiza amene wapanga phindu loti alipirepo msonkho. Kambiranani ndi wodziwa za misonkho, osati wogulitsa magalimoto.

Ndikayamba kulephera kulipira nditani?

Imbani foni tsiku lisanafike, musabisale. Obwereketsa ambiri amalola kusuntha mwezi umodzi kupita kumapeto. Mukaona kuti sizitheka ndithu, igulitseni nokha, chifukwa akailanda amakaigulitsa pa okushoni motchipa, n'kukutumizirani bilu ya ndalama zotsala pamodzi ndi zolipira oilanda. Chipsera chimenecho chimakhala pa lipoti zaka 7. M'madera ambiri safunika kupita ku khoti kuti ailande, mumangodzuka m'mawa pabwalo pali mbee.

Zikamayenda bwino, mutalipira miyezi 12 mosaphonya, bwererani ku credit union mukapemphe kusamutsa ngongoleyo pa peresenti yotsika. Musatalikitsenso miyezi.

Ndikamaliza nayo ndingaitumize kumudzi?

Ngongole isanathe n'zovuta, chifukwa a kasitomu a kuno amafuna title yeniyeni maola 72 galimoto isanakwere sitima, ndipo ngati banki ikadali ndi gawo pamafunika kalata yake yovomereza. Itatha ngongole n'zotheka, kudzera ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban, koma ganizani kawiri. Chiwongolero chake chili kumanzere pamene kwathu timayenda kumanzere kwa msewu, ndiye kupitirira thiraki pa M1 mudzadalira maso a amene wakhala pambali panu. Msonkho wa MRA umayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo apa tikunena injini ya malita 6.6 kapena 6.7. Injini zimenezi zinapangidwira dizilo wa kuno wa sulfure wochepa kwambiri, ndipo pampu ngati CP4 siigwirizana ndi dizilo wa m'zigubu amene anthu amagula mafuta akasowa. DEF muzidzamusaka. Sensa imodzi ikafa, pikiapu idzakhala pa mawe ku Biwi kapena ku Ndirande kudikira kaphukusi kochokera ku America, pamene sipeya ya Hilux ili pa shopu yoyandikana nayo.

Abale amene anafunsa funsoli n'kuwerengera bwino anaigulitsa konkuno, poti pikiapu za dizilo zosamalidwa sizigwa mtengo msanga, ndalamazo n'kukagulira Hilux kapena Land Cruiser ya chiwongolero cha kumanja.